Chisoso pa kapinga: kuchisiyira njuchi popanda kudzaza bwalo ndi njere

Mvula yoyamba ikangonyowetsa nthaka mu Novembala kapena Disembala, paliponse pamene kapinga anapserera m'chilimwe pamatuluka timbande ta masamba awiri aatali, tsinde lake lofiirira. Tambiri mwa timeneti ndi chisoso. Ena amati kanzota, ku Zambia amati kanunka, ku South Africa amangoti blackjack, ndipo m'mabuku a sayansi chimalembedwa kuti Bidens pilosa. Kwawo kwenikweni ndi ku America, koma chinafika kuno kalekale moti tinachisandutsa ndiwo.

Eni kapinga ambiri amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Ena amalamula kuti chizulidwe chonse chikangooneka. Ena amachilekerera mpaka galu akulowa m'nyumba thupi lonse lili njere zokhazokha. Onsewa amaluza. Duwa la chisoso limadyetsa njuchi, agulugufe ndi tizilombo todya nsabwe za m'masamba, pamene chovutitsa kwambiri ndi njere. Kuchokera tsiku limene duwa latseguka kufika pamene njere yada n'kuyamba kumata zovala pamapita pafupifupi mwezi umodzi, ndipo kasamalidwe konse ka chisoso kagona pa mwezi umenewo.

Kuchidziwa chikadali chaching'ono

Gwirani tsinde ndi zala ziwiri n'kulizunguza. La chisoso lili ndi ngodya zinayi, silobulungira. Masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, lililonse logawika patatu kapena pasanu, m'mphepete muli manomano ngati a sowo. Pa nthaka yachonde chimatalika mita imodzi kapena kupitirira.

Pali zomera ziwiri zimene anthu amazisokoneza nacho. Mwamuna aligone masamba ake sagawika, timaluwa take n'tating'ono ngati mutu wa machesi, ndipo njere zake sizimata. Chinacho ndi Tridax, chaubweya, choyanga pansi, chimene chimatukula duwa limodzi pa kamtengo kakatali ndipo njere zake zimauluka ndi mphepo. Kusiyanitsaku kuli ndi phindu: chisoso chimaimirira, choncho chikwakwa chimachipeza, pamene Tridax amabisala pansi pa mpeni wa makina ndipo amafuna khasu.

Njere ya chisoso ikapeza chinyezi ndi kuwala imamera m'masiku atatu kapena anayi. Maluwa amayamba patapita masabata pafupifupi 6, ndipo chomera chimodzi chokula bwino chimabereka njere 3,000 mpaka 6,000. Pa kapinga wothiriridwa chaka chonse chimatha kumera, kubereka, kufa ndi kumeranso kangapo chaka chisanathe. Njere zokwiririka pansi sizimera, koma zimakhala zamoyo zaka zingapo kudikira tsiku limene wina adzatembenuze dothi. N'chifukwa chake malo amene mwangolima kumene amadzaza chisoso kuposa amene simunawakhudze.

Odzadya pa duwa

Chimene timati duwa limodzi kwenikweni ndi mulu wa timaluwa tachikasu tambiri topanikizana, nthawi zina tozunguliridwa ndi timasamba toyera, nthawi zina opanda. Kaduwa kalikonse kali ndi timadzi take totsekemera ndi mungu wake, ndipo timatseguka mosinthana kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Mutu umodzi umadyetsa alendo masiku angapo. Chachikulu n'chakuti timaluwa timeneti si takuya, moti ngakhale kachilombo ka mlomo waufupi kamafikira timadzi. Maluwa ambiri ogula okongoletsa pakhomo, makamaka aja odzaza masamba okhaokha mpaka pakati, sapatsa tizilombo kalikonse.

Mukafuna kuona zimene zimabwera, khalani pafupi mphindi 10 pakati pa 9 koloko ndi 11 koloko m'mawa, tsiku la dzuwa lopanda mphepo yambiri.

Njuchi za uchi ndiye zoyamba kuoneka, mungu wachikasu chofiirira utadzaza m'miyendo yakumbuyo. Koma yang'anitsitsani: muonanso tinjuchi tating'ono takuda kapena tobiriwira, tosakhala m'ming'oma. Tambiri timakumba timauna m'dothi louma kapena kulowa m'mapesi obooka, ndipo timathandiza kubereketsa maungu, nkhaka ndi mpendadzuwa wa m'dimba mwanu.

Agulugufe amachikonda kwambiri chisoso. Pamabwera wofiirira ngati lalanje wa nsonga zakuda zamadontho oyera, Danaus chrysippus, pamabwera oyera ndi achikasu a Catopsilia florella, komanso wamkulu wakuda wamawanga achikasu, Papilio demodocus. Apa pali chimene ambiri sadziwa: chisoso chimadyetsa agulugufe akuluakulu okha, mbozi zawo zimadya zina. Za Catopsilia zimadya masamba a mitengo ya mtundu wa keshya, za Danaus zimadya zomera zotulutsa utomoni woyera ngati mkaka, za Papilio zimadya masamba a mandimu ndi malalanje. Ngati muli ndi timitengo ta mandimu tongobzala kumene, muzitiyendera n'kuchotsa mbozizo ndi manja. Mtengo waukulu sumva kanthu.

Kwa mlimi wa ndiwo zamasamba, alendo aphindu kwambiri ndi aja osaoneka bwino. Pali ntchentche zamizere yachikasu ndi yakuda, zooneka ngati njuchi koma zosaluma, zimene zimatha kuima malo amodzi m'malere. Zikuluzikulu zimadya mungu ndi timadzi, koma mphutsi zake zimadya nsabwe za m'masamba, imodzi mazanamazana isanasanduke ntchentche. Pali kachilombo kobulungira kofiira kamadontho akuda, kamene kamatha kudya nsabwe zokwana 50 pa tsiku; mphutsi yake ndi yakuda, yoonekera ngati kang'ona, ndipo anthu ambiri amaipha poiyesa yoononga. Pali timavu tating'onoting'ono timene timaikira mazira m'thupi la mbozi ndi nsabwe. Mukaona nsabwe zotupa, zouma, zotuwa ngati pepala la khaki, dziwani kuti timavu tija tagwira kale ntchito, musapopere mankhwala.

Kumene kwachuluka tizilombo, otidya nawo sasowa. Pa duwa pamabisala kangaude woyera kapena wachikasu woyenda chammbali ngati nkhanu, amene saluka ukonde koma amangodikira. Chiswamphika chimabwera, abuluzi amabwera, achule amabisala pansi pamene pali chinyezi. Birimankhwe naye amakonda tchire lotere. Ambiri timamuopa, koma alibe ululu ndipo chakudya chake ndi ziwala ndi ntchentche. Apumbwa amadzatola mbozi, ndipo timbalame tachikasu todya njere timadzasinja mitu imene yayamba kukhwima. Musadalire mbalame kuti zikuthereni njere, zimene zimadya n'zochepa poyerekeza ndi zogwa pansi.

Njere yokha ili ndi ubale wake ndi nyama. Ndi yakuda, yaitali pafupifupi sentimita imodzi, kumutu kwake kuli timinga tiwiri mpaka tinayi tokhala ndi timano toloza kumbuyo ngati mbedza. Imakola mu ubweya wa galu, mbuzi, nkhosa kapena khoswe n'kukagwera kutali. Thalauza lanu ndi masokosi a ana zimagwira ntchito yomweyo. Dziwaninso kuti chisoso chimatha kudzibereketsa chokha, choncho kusowa kwa njuchi sikuchiletsa kubala.

Alendo obwera ndi matenda

Chisoso si bwenzi lokhalokha. M'maluwa mwake mumakhala tizilombo toonda ngati ulusi, totalika milimita imodzi kapena awiri, totchedwa thrips. Timeneti timafalitsa matenda a vayirasi otchedwa tomato spotted wilt, amene amagwira tomato, tsabola, fodya ndi mtedza. Kachilomboka kamatenga vayirasi kakadali kamphutsi pa chomera chodwala, kenako kakamera mapiko kamakaipatsira kwina moyo wake wonse. Chisoso chimatha kusunga vayirasiyo chikuoneka chabwinobwino. Tomato akagwidwa, masamba a kunsonga amachita mawanga ofiirira ngati mkuwa, mbewu imapinimbira, ndipo zipatso zimatuluka ndi timizere tozungulira. Mankhwala ochiza palibe. Mbewu yodwala imazulidwa.

Kuyeza n'kosavuta. Tengani pepala loyera, gogodani mitu 10 ya maluwa pamwamba pake. Timizere tachikasu kapena tofiirira toyenda mofulumira ndi thrips. Mukaona tina tonenepako, takuda tamawanga oyera pamapiko, ta mamilimita awiri kapena atatu, amenewo ndi Orius, amene amadya thrips ndipo amakonda kuikira mazira m'mapesi a maluwa a chisoso. Mdani ndi mlonda amakhala nyumba imodzi, ndipo mankhwala opopera amapha onse awiri, koma woyamba kubwerera amakhala mdani.

Zulaninso zomera zitatu kapena zinayi muone mizu. Ikakhala ndi timfundo totupa tosachoka mukatikanda ndi chala, m'dothimo muli timinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa manematodi. Timfundo ta pa mizu ya nyemba n'tosiyana, timathothoka mosavuta ndipo n'tabwino. Dothi la malo a manematodi musalitengere ku nazale, ndipo musabzalepo tomato, therere kapena kaloti. Masamba akakhala ndi tinjira toyera tokhotakhota, muli mphutsi za ntchentche zoboola masamba, zomwe zimagwiranso nyemba ndi tomato. Ntchentche zoyera zing'onozing'ono zija zimene zimabuka mukagwedeza chomera nazonso zimakhalamo.

Udzudzu nawo umamwa timadzi ta zomera, ndipo akatswiri a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Kenya anapeza kuti chisoso chili m'gulu la zomera zimene udzudzu wa malungo wa Anopheles gambiae umapitako. Umaswana m'madzi, osati m'chisoso, komabe ichi n'chifukwa chokwanira chosasiyira tchire pansi pa zenera la kuchipinda.

Kuchipatsa malo akeake

Njira yabwino ndi kuchichotsa pakati pa kapinga n'kuchisiyira kamunda kamodzi kamene mukukayang'anira. Mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu mpaka 6 m'litali n'kokwanira pakhomo wamba. Mukakulitsa m'lifupi mudzayamba kulowamo pofuna kudula zapakati, ndipo mudzatulukamo ndi njere.

Sankhani malo owala dzuwa theka la tsiku kapena kuposa, chifukwa pamthunzi chimangotalika, maluwa ochepa. M'mphepete mwa mpanda wakumapeto kwa bwalo ndi pabwino. Patalikirane ndi nazale ya tomato ndi tsabola mamita 10 kapena kuposa ngati malo alipo, ndipo kamundako kakhale mbali imene mphepo imalowera ikadutsa pa dimba, osati kumene imachokera, poti thrips amatengedwa ndi mphepo. Pewani pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, njira ya ku bafa kapena ku chimbudzi, pamene ana amasewera ndi pamene galu amagona. Ngati bwalo ndi laling'ono moti tomato ndi chisoso zikhala mogundizana, sankhani chimodzi. Amene amalima tomato wogulitsa asasunge chisoso n'komwe pafupi ndi munda.

Kubzala sikufunika kawirikawiri. Palani pamwamba ndi khasu, thirirani, chimera chokha. Zomera zikafika masentimita 10, patulirani kuti zitalikirane masentimita 25 mpaka 30. Zothithikana zimaonda, zimagwa, ndipo m'nyengo yozizira zimagwidwa ndi nkhungu yoyera ngati ufa pamasamba. Zopatulirazo ndi ndiwo za tsikulo. Feteleza musathire, chimachita masamba ambiri anthete amene amaitana nsabwe.

Gawani kamundako patatu, n'kuika zikhomo. Apa ndiye pagona nkhani. Gawo loyamba likachita maluwa kwa masabata awiri, lidulireni pa msinkhu wa masentimita 15 mpaka 20, pamwamba pa mfundo yokhala ndi masamba. Patapita sabata imodzi kapena masiku 10 dulani lachiwiri, kenako lachitatu. Chodulidwa chimaphukira m'mbali n'kuchitanso maluwa, ndiye nthawi zonse pamakhala gawo limodzi lodyetsa tizilombo pamene lina likuphukira. Mukadula lonse tsiku limodzi, njuchi ndi timavu zimasowa chakudya n'kusamuka, ndipo mphutsi zodya nsabwe zimapita ndi zinyalala. Dulani madzulo alendo atachepa, ndipo zodulazo zigone pambali usiku umodzi kuti tizilombo tothandiza titulukemo. Musazisiye masiku ambiri pa dothi lonyowa, chifukwa tsinde la chisoso limatha kumera mizu pa mfundo.

Pakati pa kudula kumeneku muziyendera kamundako kawiri pa sabata. Mutu umene timasamba toyera tagwa, pakati pasanduka bulauni ndipo wayamba kutalika ngati burashi, wamaliza ntchito yake kwa njuchi. Uduleni ndi sizasi, ugwere m'ndowa. Mitu yotere imapitiriza kukhwimitsa njere ngakhale yadulidwa, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatchetcha, n'kusiya zotchetchazo pa kapinga kuti ziume, mwezi wotsatira chisoso chili ponseponse. Masamba ndi mapesi opanda mitu akhoza kupita pa kompositi. Mitu yokhwima iwotcheni. Mulu wa kompositi umapha njere pokhapokha pakati pake patatentha kufika madigiri 55 mpaka 60 kwa masiku angapo ndipo ukutembenuzidwa, zimene milu yambiri ya pakhomo siifika.

Kuzungulira kamundako tchetchani kapinga afupike, mita imodzi mbali zonse. Njoka sizikonda kudutsa poyera, nkhupakupa zimachepa, ndipo mbande yosochera mumaiona msanga. Musaunjike njerwa, malata kapena nkhuni pafupi, chifukwa makoswe akakhalamo njoka zimatsatira.

Zomera zikakalamba pakatha miyezi itatu kapena inayi, zizuleni n'kupalanso pamwamba. Phindu lalikulu la kamundaka limaoneka kuyambira Juni mpaka Okutobala, pamene tchire lauma ndipo kwina lapsa ndi moto. Keni imodzi ya malita 10 pa sikweya mita iliyonse, kawiri pa sabata, imakwanira kuti maluwa asathe. Ikanipo kambale ka madzi kodzaza timiyala kuti njuchi zizimwa osamira, koma muzitaya madziwo n'kutsuka kambaleko masiku atatu alionse. Udzudzu umafuna pafupifupi sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono kuti dzira lisanduke wouluka.

Kuchithamangitsa pakati pa kapinga

Chisoso chikachuluka pa kapinga, vuto lili ndi kapingayo. Njere yake imafuna kuwala, ndipo pamene udzu wagwirana bwino simera. Onani pamene chamera: mupeza ndi podutsa anthu, poimika galimoto, pamene chiswe chinadya, kapena pamene chikwakwa chinapala mpaka dothi.

Tchetchani kapinga pa msinkhu wa masentimita 4 mpaka 5, sabata iliyonse m'dzinja, ndipo musachotse kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake nthawi imodzi. Wotchetcha ndi chikwakwa auzidwe kuti asapale pansi. Chisoso chotchetchedwa pafupipafupi chimafooka, ngakhale china chimachenjera n'kuchita maluwa chili chachifupi, choncho kuzula sikungalekeke. Zulani mvula itangogwa, chisanachite maluwa, mutagwira m'munsi mwa tsinde. Pa dothi louma chimaduka n'kuphukiranso.

Podazula musasiye poyera. Boolani dothi lolimba ndi foloko ya m'munda masentimita 10 kuya kwake, osalitembenuza, thirani kompositi wopsa bwino wokhuthala sentimita imodzi, n'kubzala timizu ta kapinga motalikirana masentimita 15. Manyowa a m'khola la mbuzi kapena ng'ombe osawola bwino ndi amene amabweretsa chisoso chatsopano m'mabwalo ambiri. Mvula ikakhazikika, wazani feteleza wa CAN magalamu 20 pa sikweya mita, udzu uli wouma, n'kuthirira nthawi yomweyo kuti asawauke. Bwerezani mu Febuluwale.

Za mankhwala

Pa bwalo la pakhomo manja amakwanira. Ngati malo ndi aakulu, mankhwala a 2,4-D amapha zomera za masamba aakulu n'kusiya kapinga wamba, ndipo amagwira bwino chisoso chikadali ndi masamba ochepa. Mlingo tsatirani wolembedwa pa botolo. Musapopere pa kapinga wongobzala kumene, ndipo pa kapinga wa mtundu wa buffalo kapena wa LM yesani kaye pakona, chifukwa umatha kupsa. Kukakhala mphepo kapena kotentha kwambiri, lekani: kafungo kake kokha kamapiringiza masamba a tomato, thonje, fodya ndi mapapaya, anu kapena a aneba. Sipuleya yopoperera 2,4-D isagwirenso ntchito m'dimba. Glyphosate, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Roundup, sasankha. Amapha ndi kapinga yemwe, n'kusiya dothi poyera pamene chisoso chimamera bwino koposa. Kudalira mankhwala amodzimodzi chaka ndi chaka kulinso ndi mapeto ake: m'minda ya khofi ku Kenya chisoso chinapima paraquat, ndipo m'minda ya soya ku Brazil chinapima mankhwala ena.

Oopsa kwambiri kwa njuchi ndi mankhwala ophera tizilombo monga cypermethrin ndi dimethoate, amene anthu amapopera pa kapinga akaona mawanga ouma. Yambani mwatsimikiza chimene chikuononga. Yalani thumba lonyowa pa malire a banga loumalo madzulo, m'mawa mulivundukule. Ngati ndi mbozi zodya kapinga muzipeza zitasonkhana pansi pake. Mukapeza zochepa, zisiyireni mbalame ndi nkhuku. Zikachuluka moti kupopera n'kosapeweka, tchetchani kaye maluwa onse a pamalopo n'kuwachotsa, poperani dzuwa litalowa, pamalo odwala pokha, ndipo kamunda ka chisoso musakayandikire. Ngati wina pafupi ali ndi ming'oma ya njuchi, muuzeni dzulo lake.

Ndiwo ndi chakudya cha ziweto

Kutchola nsonga ndi njira inanso yochedwetsera njere. Tcholani masentimita 5 mpaka 10 a kunsonga chisanachite maluwa. Chimaphukira nthambi ziwiri pamene panali imodzi, ndipo pakatha masabata awiri mutcholanso. Masamba okalamba amawawa ndipo amalimba. Zanthete zimakoma zotendera nsinjiro kapena zongothira tomato ndi anyezi, ndipo zotsala mukhoza kuzifutsa n'kuyanika kuti zikhale mfutso. Akalulu, mbira, nkhuku ndi mbuzi zimadya bwino, koma muzizipatsa chopanda mitu yokhwima, apo ayi njere zidzabwerera pa kapinga kudzera m'manyowa ndi mu ubweya.

Samalani ndi kumene mukutchola. Chisoso chimakoka chitsulo chaululu cha cadmium kuchokera m'dothi n'kuchisunga m'masamba kuposa zomera zambiri. Cha m'mphepete mwa msewu wodutsa galimoto zambiri, cha kudzala kumene kumatayidwa mabatire, cha pafupi ndi galaja kapena ngalande ya madzi oipa, chisiyireni agulugufe. Chimodzimodzinso cha pa kapinga wopoperedwa mankhwala.

Mukamaliza ntchito m'kamundako, imani pa simenti kapena pa thumba, osati pa udzu, n'kuchotsa njere zonse pa zovala ndi pa zingwe za nsapato. Mpeni wosathwa kapena chipeso cha mano ang'onoang'ono chimazikokolola msanga kuposa zala. Galu mupeseni kumimba, kumchira, m'makutu ndi pakati pa zala, ndipo zimene zatsalira pa chipeso zipite pamoto.